Gettysburg: mmene ma ranger amayendetsera anthu pa malo ankhondo pa masiku okumbukira

Kumayambiriro kwa Julayi, tauni ya Gettysburg m'chigawo cha Pennsylvania ku America imadzaza alendo. Kumeneko mwezi umenewu ndi wa dzuwa lowawa ngati Okutobala wa kwathu, kungoti kumakhalanso chinyezi chomatitsa malaya pamsana. Masana a pa 3 Julayi mungapeze khamu la anthu litaima m'mphepete mwa nkhalango ya pa Seminary Ridge, mabotolo a madzi ali m'manja, maso ali pa munthu wovala malaya otuwa, buluku lobiriwira ndi chipewa cha mlomo wophwatalala. Iye amaloza kum'mawa, tsidya lina la minda, pamene pakuoneka kagulu ka mitengo pa mtunda wopitirira kilomita imodzi. Kenaka amawauza kuti onse ayenda wapansi mpaka pamenepo, m'njira yomwe asilikali pafupifupi 12,500 anadutsa masana ngati omwewo m'chaka cha 1863, ndipo pafupifupi theka la iwo anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa ola limodzi lisanathe.

Munthu wa chipewayu ndi ranger. Kwathu tikamva liwu limeneli timaganiza za mnyamata wa mfuti paphewa amene akulondera njovu ku Liwonde kapena ku Majete. Ku America nawonso alipo otere, koma bungwe la boma la National Park Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 1916, limasamala malo oposa 400, ndipo ambiri mwa malowo si nkhalango za nyama. Ena ndi nyumba zakale, manda, ndende zakale, ndi malo amene panachitikira nkhondo. Pa malo ngati amenewa pali ma ranger omwe chida chawo ndi pakamwa. Ambiri anaphunzira mbiri yakale ku yunivesite, ndipo ntchito yawo ndi kutenga mlendo, kumuimika pamalo, n'kumuthandiza kumvetsa chimene akuona. Maulendo awo salipiritsa.

Kuti timvetse ntchito yawo, tiyambe taona nkhondo yake.

Kuyambira 1861 mpaka 1865 anthu a ku America anamenyana okhaokha. Zigawo 11 za kum'mwera zinadzipatula n'kupanga dziko lawo, Confederacy, Abraham Lincoln atasankhidwa kukhala pulezidenti, chifukwa zinkaopa kuti boma lake liletsa ukapolo kufalikira m'madera atsopano. Pa nthawiyo m'dzikomo munali akapolo achikuda pafupifupi 4 miliyoni. Mu Juni 1863 mkulu wa asilikali a kum'mwera, Robert E. Lee, anawoloka ndi gulu lake la anthu oposa 70,000 kulowa m'dera la adani ake. Ankafuna chakudya cha asilikali, ankafuna kuti minda ya ku Virginia ipumeko, komanso ankayembekeza kuti akapambana kumpoto anthu a kumeneko atopa nayo nkhondo. Omulondola kuti akamenyane naye anali asilikali a boma, otchedwa a Union, oposa 90,000, motsogozedwa ndi George Meade, amene anapatsidwa udindowo pa 28 Juni, kutangotsala masiku atatu kuti mfuti ziyambe kulira.

Palibe anakonza zoti akakumane ku Gettysburg. Misewu ndiyo inawakumanitsa, pakuti misewu pafupifupi khumi imathera pa katauni kameneka, komwe panthawiyo kanali ndi anthu ngati 2,400. Pa 1 Julayi anamenyana kumadzulo ndi kumpoto kwa tauni, a Union n'kugonja, kuthawa kudutsa m'misewu ya m'tauni mpaka kukaima pa zitunda za kum'mwera. Kumeneko anandanda mzere wopindika ngati mbedza. Pa 2 Julayi Lee anamenya nsonga zonse ziwiri za mbedzayo, osaithyola. Pa 3 Julayi anaimenya pakati, ndipo ndi pamene panachitika chiwembu chodziwika ndi dzina la George Pickett, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Lee, chomwe tayamba nacho chija. Pa 4 Julayi, mvula ikukhuthuka, Lee anayamba kubwerera, ngolo zonyamula ovulala zitandanda mtunda wa makilomita ngati 27. Ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa m'masiku atatuwo amawerengedwa kuti anali pafupifupi 51,000, ndipo ofera pomwepo anali ngati 7,000.

Zonsezi munthu angaziwerenge pa foni ali pakhonde pake. Nanga bwanji anthu amayenda ulendo wautali kukapsa ndi dzuwa kumbuyo kwa ranger?

Yankho lili m'nthaka. Pa mapu, minda ya pakati pa Seminary Ridge, pomwe panali asilikali a Lee, ndi Cemetery Ridge, pomwe panali a Union, imaoneka yosalala ngati tebulo. Koma ukaiyenda umazindikira kuti ili ndi timaenje ndi timitunda. Pena umatsika, kagulu ka mitengo kaja n'kubisika, ndipo umamvetsa chifukwa chake asilikali anaima pamenepo kukonza mizere yawo popeza mizinga sinkawaona. Ukakwera pang'ono zonse zimaonekeranso, ndipo nawe umakhala poyera. Kenaka umafika pa msewu wa Emmitsburg, womwe unali ndi mipanda yolimba ya matabwa. Pa mapu mpanda ndi kamzere kabe. Pamalopo ranger amakuonetsa kuti munthu wonyamula mfuti yolemera, wovala zovala zaubweya, anayenera kukwera pamwamba pake adani akumuwombera ali pafupi. Mphunzitsi wina wa pa koleji ya m'tauniyo, Michael Jacobs, ankalemba za nyengo tsiku lililonse, ndipo masana amenewo analemba kutentha kofanana ndi madigiri 31 a Celsius. Mlendo amene wayenda ndi kabotolo ka madzi kokha n'kufika pa mpandawo ali wefuwefu safunanso kuuzidwa zambiri.

Pa masiku okumbukira, pulogalamu imene imakoka anthu kwambiri ndi yomwe ma ranger amakafotokoza chochitika pamalo pake penipeni ndiponso pa ola lake. M'mawa wa pa 1 Julayi amakhala kumadzulo, pa McPherson Ridge, pomwe asilikali a Union a pa akavalo, motsogozedwa ndi John Buford, anachedwetsa adani ndiponso pomwe John Reynolds, mkulu wina wa Union, anawomberedwa n'kugwa pa kavalo wake. Madzulo a pa 2 Julayi amasamukira ku Peach Orchard (munda wa mapichesi), ku Wheatfield ndi ku Little Round Top. Nkhani zina zimakhala zazifupi, za theka la ola, mlendo n'kuthamangira kwina. Maulendo ena ndi a maola awiri kapena atatu, odutsa m'tchire, ndipo amachenjezeratu za nsapato zolimba, madzi ndi nkhupakupa. Usiku pamakhala macheza a panja, ranger mmodzi n'kutenga mutu umodzi, mwina za madokotala, mwina za amayi a m'tauni, n'kuutambasula.

Nkhani ya ola ili ndi vuto lake, ndipo ma ranger abwino salibisa. Mu 1863 ku America kunalibe nthawi imodzi yogwirizana. Makampani a njanji anayambitsa zigawo za nthawi mu 1883. Wotchi ya msilikali wochokera ku Maine ndi ya wochokera ku Alabama sizinkanena zofanana, ndipo ambiri analemba zokumbukira zawo patapita zaka makumi awiri kapena atatu. Masiku anonso mawotchi a ku America amasunthidwa ola limodzi kutsogolo m'chilimwe. Choncho "ola lake" kwenikweni ndi pamene dzuwa lili. Komabe zimenezi n'zothandiza. Ukaima pa Little Round Top madzulo, dzuwa lili kumaso, umaona zimene oteteza phirilo ankaona pamene ankayesa kuzindikira anthu otuluka m'nkhalango ya kumadzulo.

Pali funso limodzi lomwe kuliyankha pa pepala n'kosavuta koma pamalo limakuzunguza. Pa 2 Julayi, Daniel Sickles, wandale wa ku New York amene anali kutsogolera gulu lalikulu la Union, anasiya malo omwe Meade anamuuza kuti aime, n'kusunthira anthu ake kutsogolo, ku munda wa mapichesi. Gulu lake linaphwanyidwa, iye mwini anaduka mwendo, ndipo mzere wonse unatsala pang'ono kusweka. M'mabuku ambiri amamutcha wosamvera. Koma ranger amayamba wakuimika pamalo otsika omwe Sickles anauzidwa kuti ateteze, n'kukuuza kuti uyang'ane kumadzulo. Munda wa mapichesi uja umaoneka uli pamwamba pako. Ndiye amakukumbutsa kuti miyezi iwiri m'mbuyomo, pa nkhondo ya ku Chancellorsville, Sickles yemweyo analamulidwa kusiya malo okwera, adani n'kuikapo mizinga yomwe inapha anthu ake. Atatero amakufunsa kuti ukanakhala iweyo ukanatani. Ine ndimaonabe kuti Sickles analakwa, chifukwa anatambasula anthu ake pa mzere wautali woposa mphamvu zawo osauza mkulu wake. Koma munthu amene waima pansi paja sangamutchenso chitsiru.

Kufunsa m'malo mouza ndi mwambo wakale wa ntchitoyi. Freeman Tilden, amene mu 1957 analemba mfundo zomwe ma ranger amaphunzitsidwa mpaka lero, ankati cholinga chachikulu si kulangiza koma kutakasa maganizo a mlendo, ndipo kuti mawu osakhudza chilichonse cha m'moyo wa womverayo ndi ouma. N'chifukwa chake ranger kawirikawiri amayenda ndi chithunzi cha msilikali mmodzi ndi kalata imene analembera amayi ake kapena mkazi wake. Nambala ya 51,000 mutu sungaigwire. Koma ukamva za gulu la Union la 1st Minnesota, anthu 262 amene anatumizidwa kukatseka mpata kwa mphindi zochepa chabe madzulo a pa 2 Julayi, 215 mwa iwo n'kugwa ophedwa kapena ovulala, ndipo ukuuona ndi maso kamtunda kotsetsereka komwe anathamangapo, nkhaniyo imalowa.

Zimene amanenazi amazitenga kuti? Boma linasindikiza malipoti a akuluakulu a nkhondo a mbali zonse m'mabuku 128. Palinso makalata, madayale, mafayilo a penshoni ndi zithunzi. Palinso ntchito ya John Bachelder, wojambula amene anafika nkhondo itangotha n'kuthera moyo wake wonse akufunsa asilikali kuti anaima pati. Iyeyu ndi amene anatchukitsa kagulu ka mitengo kaja ngati malo omwe Confederacy inafika pachimake. Koma umboni umatsutsana. Chithunzi china chotchuka cha msilikali wakufa pakati pa miyala ya ku Devil's Den chinadzapezeka kuti ojambula anachita kunyamula mtembowo kuchokera pena n'kuukonza, mfuti n'kuiyedzamiritsa pambali. Za gulu la 20th Maine, lomwe linatsika phiri la Little Round Top ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti zipolopolo zitatsala pang'ono kutha, mtsogoleri wake Joshua Chamberlain ndi wachiwiri wake Ellis Spear anadzasiyana mawu pa mmene zinayambira. Filimu ina ya mu 1993 inachititsa kuti alendo azikhamukira pamalo amenewa, pamene ku Culp's Hill, komwe George Greene, mkulu wa zaka 62, anateteza nsonga ina ya mbedza ndi anthu ngati 1,400 atabisala kumbuyo kwa malinga a mitengo ndi dothi, kumapita ochepa. Pa masiku okumbukira ma ranger amayesetsa kukokera anthu ku malo oiwalika ngati amenewo.

Popeza nthaka ndiyo mboni yaikulu, nayo imafuna kusamalidwa. M'zaka zoposa 100 mitengo inamera pomwe mu 1863 panali minda, ndipo mlendo sankamvetsanso kuti mzinga wa apa unkawombera bwanji apo. Kuyambira cha m'ma 2000 oyang'anira paki anayamba kudula nkhalango zina, kubzalanso minda ya zipatso ndi kumanganso mipanda pomwe inali. Ena anadandaula kuti bungwe loteteza chilengedwe likugwetsa mitengo, ndipo dandaulolo linali lomveka. Nsanja yachitsulo ya alendo imene munthu wina wamalonda anamanga pafupi ndi manda inagwetsedwa pa 3 Julayi 2000. Little Round Top inatsekedwa kuyambira 2022 mpaka 2024 chifukwa mapazi a alendo anali atakokolola nthaka, ndipo ntchito ili mkati mu 2023 anapezapo chipolopolo cha mzinga chosaphulika. Kukumba kapena kutola chilichonse m'pakimo ndi mlandu.

Chinthu china chimene alendo ambiri amadabwa nacho n'chakuti masewero a nkhondo, oti magulu awiri ovala zakale akuwomberana ena n'kumanamizira kugwa, saloledwa pa nthaka ya paki. Amachitikira m'mafamu a anthu kunja kwake. M'kati amalola kuonetsa kavalidwe, moyo wa m'misasa ndi kawombedwe ka mfuti kapena mzinga, koma popanda mdani ndiponso popanda wonamizira kufa. Chifukwa china ndi ngozi, koma chachikulu ndi ulemu. Pamalopo ndi pamanda. Mu 1996 mafupa a msilikali anaonekera m'mbali mwa njanji kumadzulo kwa tauni, ndipo anaikidwa mwaulemu chaka chotsatira osadziwika kuti anali wa mbali iti. Apa ndikugwirizana ndi paki ndi mtima wonse. Sitingavine sewero la imfa pamwamba pa anthu amene anafadi.

Tsopano tifike pa nkhani yovuta kuposa zonse, yomwe kwa ine ndiyo imapatsa ntchito ya ranger kulemera kwake. Kwa zaka zambiri, mlendo ankatha kumva za Gettysburg tsiku lonse osamvapo liwu loti ukapolo.

Izi sizinachitike mwangozi. Malowa anakhala paki ya boma mu 1895 pansi pa unduna wa zankhondo, womwe unkawagwiritsanso ntchito pophunzitsa asilikali, ndipo anaperekedwa ku National Park Service mu 1933. Chidwi chinali pa magulu, mizinga ndi kulimba mtima. Mu 1913, pokumbukira zaka 50, asilikali akale oposa 50,000 a mbali zonse anasonkhana, nkhalamba zina n'kugwirana chanza pa mpanda wa miyala womwe zinaphanapo. Pulezidenti Woodrow Wilson analankhula za ubale ndi kuiwala mkangano, chikhalirecho boma lake linali kulekanitsa azungu ndi akuda m'maofesi. Mu 1938 anabwera otsala ngati 1,800, ambiri a zaka za m'ma 90, ndipo Franklin Roosevelt anatsegulira chipilala cha moto wosazima wa mtendere. Kuyanjana kunali kwenikweni, ndipo sindikukupeputsa. Koma mtengo wake unali kukhala chete pa chimene chinayambitsa nkhondo, ndipo olipira mtengowo anali anthu akuda. Mwa zipilala ndi zikwangwani zoposa 1,300 za m'pakimo muli za zigawo za kum'mwera, monga cha Virginia cha mu 1917 chokhala ndi Lee pa kavalo, ndi cha South Carolina cha mu 1963 chimene chimanena za ufulu wa zigawo osatchula kuti ufulu womwe unkatetezedwawo unali wosunga anthu ngati katundu.

Kusintha kunayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene oyang'anira malo ankhondo anagwirizana kuti azifotokozanso zifukwa za nkhondo, ndipo nyumba ya malamulo, mokankhidwa ndi phungu wachikuda Jesse Jackson Jr., inalimbikitsa bungweli kuti lizinena za ukapolo. Makalata okwiya anabwera ambiri. Ena ankati ndale zalowa m'mbiri. Koma nyumba yatsopano yosungiramo zakale itatsegulidwa mu 2008, nkhani yake inayambira pa ukapolo.

Chochititsa chidwi n'chakuti umboni unali pomwepo nthawi yonseyi, pakati penipeni pa njira ya alendo. Pa Cemetery Ridge, pafupi ndi pomwe chiwembu cha pa 3 Julayi chinathera, pali kanyumba koyera ka Abraham Brian, mlimi wachikuda yemwe sanali kapolo, mwini wa maekala 12. Iye ndi banja lake anathawa asilikali a Lee asanafike, chifukwa m'mwezi wa Juni asilikaliwo ankagwira anthu akuda a ku Pennsylvania, ngakhale obadwa mfulu, n'kuwatumiza kum'mwera ku ukapolo. Atabwerera anapeza mipanda kulibe, mbewu zapondedwa, nyumba yabowokabowoka. Anapempha chipukuta misozi cha madola 1,028 ndipo anapatsidwa 15. Gulu la Lee lenilenilo linkayenda ndi akapolo zikwi zingapo, ophika, oyendetsa ngolo ndi otumikira mabwana awo. Lero ranger akafika pa nyumba ya Brian amatha kunena kuti asilikali amene anawoloka mindayi ankalunjika pa khomo la munthu amene dziko lawo likanamuyesa katundu. Asilikali a Pickett onse anali a ku Virginia, chigawo chomwecho chimene John Chilembwe anakaphunzirako ku Lynchburg patapita zaka zoposa 30, n'kukaona ndi maso ake moyo wa ana a akapolo omasulidwa.

Si kuti mlendo aliyense amakondwa nazo. M'gulu limodzi mumatha kukhala mdzukulu wa msilikali wa ku Alabama, mdzukulu wa kapolo, msilikali wopuma ndi mwana wa sukulu. Ranger ndi wantchito wa boma, sangalalikire chipani, ndipo sanganyoze agogo a munthu. Chimene amachita ndi kuwerenga mawu a anthu a nthawiyo, monga zikalata zomwe zigawo za kum'mwera zinalemba pofotokoza chifukwa chodzipatulira, momwe ukapolo watchulidwa poyera. Angathe kunena kuti mnyamata wa ku North Carolina anali wolimba mtima pa mpanda uja, ndiponso kuti boma lomwe ankalimenyera linakhazikitsidwa kuti ukapolo upitirire. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo luso lake ndi kuzinena pamodzi osameza imodzi.

Kupatula ma ranger, ku Gettysburg kulinso otsogolera alendo okhala ndi chiphaso, omwe amalipidwa ndi mlendo ndipo amatha kukwera naye m'galimoto yake. Boma linayamba kuwalembetsa mayeso mu 1915, alendo atadandaula za anthu amene ankangopeka nkhani kuti apeze ndalama, ndipo mayesowo mpaka lero amadziwika kuti ndi ovuta kwambiri.

Mu 2013, pokumbukira zaka 150, ma ranger anatsogolera anthu zikwizikwi kuwoloka minda ija pa 3 Julayi, atagawidwa m'magulu motsata magulu a asilikali a tsikulo, pamene khamu lina linkawadikira pa Cemetery Ridge. Panalibe mfuti. Atakumana pa mpanda wa miyala, malipenga analiza nyimbo yotsanzikira akufa.

Maulendo ambiri amathera ku manda a asilikali, komwe pa 19 Novembala 1863 pa mwambo wopatula mandawo, katswiri woyankhula Edward Everett analankhula maola awiri ndipo Lincoln analankhula mphindi ziwiri, m'mawu ngati 270. Kumeneko kwagona asilikali a Union oposa 3,500, ndipo 979 mwa iwo sadziwika maina. Miyala yawo ili ndi nambala zokha. A Confederacy sankaloledwa kuikidwamo. Anakhala m'manda a m'minda mpaka m'zaka za m'ma 1870, pamene mafupa awo anatengedwa kupita ku Richmond, Raleigh, Charleston ndi Savannah. Ntchito yofukula mitembo ya a Union m'minda n'kuibweretsa kumandako inagwiridwa ndi kagulu ka amuna achikuda motsogozedwa ndi Basil Biggs. Ndalama zimene anapeza zinamuthandiza kugula famu yomwe munali kagulu ka mitengo kaja, ndipo Bachelder anamupeza tsiku lina akuidula kuti apange mipanda, n'kumunyengerera kuti aisiye. Biggs atamwalira mu 1906 anaikidwa ku Lincoln Cemetery, manda a anthu akuda a m'tauniyo, komwe kwagonanso asilikali achikuda ngati 30 amene anamenyera Union.